Miyala Imene Ndinkaponya pa Chulu cha pa Malire

Chilomoni,
Blantyre.
11 Ogasiti 2024

Mng'ono wanga Lazaro,

Moni wanga akupeze iwe ndi onse a pakhomo pako kwathu ku Wimbe. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija linkakuvuta nthawi yothyola fodya linapola? Nanga alamu anga a Dorica, chifuwa chija chinawasiya? Kuno tilipo. Mwana wanga Olive ali bwino, amuna ake a Prosper nawonso ali bwino ndipo ntchito akupitabe. Ine thupi silikundivuta, kuthamanga kwa magazi kuja kunatsika. Chimene chikundivuta ndi chimene ndalembera kalata ino.

Usadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Katatu konse ndakuimbira. Tikamakamba za feteleza ndi za mbuzi, mawu ako amamveka ngati uli pakhonde pompano. Ndikangoti tikambe za miyala ija, netiweki ya ku Wimbe imathawa. Ndiye ndati pepala lilibe netiweki. Zilembo zanga ukuzidziwa, n'za munthu wolekezera Sitandade 5, uziwerenge modekha. Ndapatsira mwana wa a Mwavi, uja amayendetsa lole, akusiyira pa golosale Lachisanu.

Ndiyambira kumayambiriro ngakhale unalipo, chifukwa zikuoneka kuti unaiwala.

Mkazi wanga Malita atatisiya mu Meyi chaka chatha, unaona wekha mmene ndinakhalira. Ndinkakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhuku n'kumandidutsa pamapazi ngati ndine chitsa. Mbale imene a Dorica ankanditumizira inkabwerera momwe yabwerera. Panalibe pamene pankandipweteka poti n'kuloza, koma kunyamula khasu kunali ngati kunyamula ngolo. Nazale sindinafese. Ndiwe unabwera mu Okutobala n'kundiuza kuti ndikapitiriza chonchi mundiika mvula isanagwe, ndipo unandikweza panjinga yako mpaka kuchipatala chathu chaching'ono chija.

Sunatsale panja. Unalowa nane m'chipinda, unakhala pabenchi, chipewa chili pabondo. Adokotala aja, bambo wamtali wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, anandipima, anandilembera mapiritsi, kenako anandifunsa ngati ndimagona, ndiponso kuti ndikadzuka m'mawa ndimalakalaka kuchita chiyani. Ndinati palibe. Iwo anati matenda enawa mankhwala ake m'kabati mwawo mulibe, ali m'miyendo mwanga momwemu. Anati tsiku lililonse ndiziyenda mwandawala theka la ola mpaka thukuta lituluke, chifukwa thupi likamagwira ntchito mtima wolemera nawo umapepukako ndipo tulo timabwera. Ine ndinapsa mtima, ndinati ndine mlimi, ndayenda moyo wanga wonse. Iwo anavomera, koma anafunsa kuti nanga miyezi isanu yapitayi ndayenda kupita kuti. Iwe unaseka, Lazaro. Unaseka mpaka chipewa chinagwa.

Pobwerera ndinadandaula kuti ndilibe wotchi, theka la ola ndilidziwa bwanji. Ndiwe unati ndizizungulira munda wanga kasanu ndi kamodzi, ndipo kuti ndisasokonezeke ndizitenga timiyala tisanu ndi kamodzi m'thumba, ndikamaliza kuzungulira ndiziponya kamodzi pansi, monga tinkachitira powerenga ng'ombe za atate zikamalowa m'khola. Nzeru imeneyo sinachokere kwa adokotala. Sinachokere kwa ine. Inachokera kwa iwe, tili pa mlatho wa matabwa uja, ukupalasa.

Ndinachitadi zomwezo. Ndinkayambira pa chulu chija, pamene munda wanga umagundana ndi wa msuweni wathu Vincent, ndipo mpamene ndinkaponya timiyalato. Ndinkapita m'mawa mame asanaume chifukwa cha manyazi. Kwathu nkhalamba yoyenda mothamanga ilibe khasu, ilibe uthenga wa maliro woti ikapereke, anthu amaiseka. Milomo yanga inkagwedera, inde, chifukwa ndinkawerenga mapazi. Ndikasiya kuwerenga, Malita ankabwera m'mutu mwanga monga anagonera pamphasa tsiku lomaliza lija. Ndikamawerenga ankandipatsako mpata.

Sabata yoyamba ndinkabwerako ndikutukwana adokotala aja. Yachitatu ndinamva njala. Pofika Disembala ndinkagona ngati mwana, ndipo tsiku lina ndinadzimva ndikuimba nyimbo ya ku tchalitchi ndikusamba. Mbande za fodya unandigawira ndiwe, zimenezo sindikana ndipo sindidzaiwala. Ndinaokera ndekha. Popeza ndinkakhala ndili kale m'munda dzuwa likamatuluka, ndinkatsalira komweko kupalira, kutseka mizere kuti madzi asathawe, feteleza ndinathira pa nthawi yake. Ng'amba ya mu Febuluwale itabwera, fodya wanga anapirira. Wa Vincent, amene anathira feteleza mochedwa ndipo udzu unali m'chiuno, anapinimbira n'kuchita chikasu. Kunalibe chozizwitsa chilichonse pamenepo.

Kupusa kwanga kunali kumodzi. Timiyala tija sindinkatola. Tsiku lililonse ndinkatenga tatsopano m'njira. Werenga wekha, tisanu ndi kamodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu. Panali mulu.

Tsono tsiku lija la mu Malichi, abale atatiitana pansi pa chigafa cha Vincent, fodya ali lende pamwamba pathu. Vincent anabwera ndi thumba la feteleza, analikhuthula pakati pa anthu, timiyala tanga n'kumwazika mpaka kumapazi a azimayi. Anati achimwene a Kizito amazungulira m'bandakucha akunong'ona, akafika pamalire ake amaponya mwala, ndipo mwala uliwonse ndi tsamba lake limodzi limene lasamukira m'munda mwanga. Anati ndikukawa mbewu zake. Akazi ake anawonjeza kuti anandiona ndikuponya manja ngati msilikali, munthu amene mu Okutobala ankalephera kufika kuchimbudzi, lero njinga ikulephera kumupeza. Anafunsa anthu kuti mphamvu zoterezi munthu amazitenga kuti, makamaka mkazi wake atangomwalira kumene.

Unawamva mawu amenewo. Sanatchule dzina la Malita, koma aliyense anamva chimene ankatanthauza. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinakhala ndi mkazi ameneyo. Ndinamusambitsa ndekha atalephera kudzuka.

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za chipatala, za theka la ola, za kuwerenga. Anthu anaseka. Wina kumbuyo anafunsa ngati masiku ano kuchipatala akupereka miyala m'malo mwa panado, ena anati nawonso akufuna akalembetse. Ine sindinade nkhawa, Lazaro. Mtima wanga unali m'malo. Ndinangoti funsani mng'ono wanga, analipo.

Iwe unali ndi kamtengo m'manja, ukuchotsa matope kunsi kwa nsapato. Sunadzutse mutu. Unati kuchipatala unandiperekezadi, za mapiritsi unazimva, koma zinazo sunazimvetsetse, ndipo zimene munthu amachita m'munda mwake m'mawa amazidziwa ndi mwini wake. Unatero basi, n'kupitiriza kuchotsa matope.

Zimene zinatsatira mwina zina sunazione. Ana amene ankabwera kudzapempha mtedza anayamba kuzungulira kuseri kwa nyumba yanga akamapita kumjigo. Pamaliro a kutsidya kwa dambo, nditasamba m'manja kuti ndidye ndi amuna anzanga, awiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti akhuta. Ku mphakati, nthawi yopatsana moni wa mtendere, dzanja langa linatsala m'malere. Ndipo ukudziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikapatsidwa dzina limeneli. Ndinayamba kuyang'ana denga langa la udzu ndi maso ena.

Mu Epulo Olive anatulukira ndi galimoto yobwereka, akulira, n'kuti ndilongedze tikapume ku tauni. Fodya wanga ndinamusiya m'chigafa, sindinamuone akudindidwa. Ndinkayesa mwanayu wamva za Vincent. Mu Juni ndi pamene anandiuza yekha kuti ndiwe unamuimbira, ndipo za Vincent sunatchule n'komwe. Unamuuza kuti abambo ake mutu sukuyenda bwino chichokereni amayi, amangozungulira m'munda akulankhula okha n'kumatola miyala.

Ndaliganizira bodza limeneli masiku ambiri. Mwina unaopa kuti anditenthera nyumba, ndiye unati bola ndikhale wamisala wamoyo ku Blantyre kusiyana ndi mfiti yakufa ku Wimbe. Mwinanso unaona kuti fodya wako nayenso anachita bwino, ndipo ukanditeteza anena kuti timagawana. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti unandisankhira pakati pa mabodza awiri, chilungamo uli nacho m'kamwa.

Tamva tsono zimene bodza lako linachita. Olive anakukhulupirira, pakuti amakutcha atate aang'ono ndipo sunamunamizepo. Akamapita kuntchito ankakhoma geti ndi loko kuti ndingasochere. Miyezi iwiri ndinakhala pampando m'kati mwa mpanda wa njerwa, pamwamba pake pali magalasi osweka. Bwalo lake ndi mapazi khumi ndi awiri, ndinaliyeza. Tulo tinathawanso. Mbale inayambanso kubwerera. Zonse zimene ndinazipeza pozungulira munda zinatha ngati madzi a m'dengu, ndipo mwanayu poona zimenezi anatsimikiza kuti ndikudwaladi mutu.

Anapita nane kuchipatala chachikulu. Adokotala ake anali mayi. Anandifunsa tsiku, mwezi, maina a zidzukulu, n'kundipatsa masamu ochotsera, ndinawakhoza onse. Kenako anati ndifotokoze za miyala. Nditamaliza anatembenukira kwa Olive. Anamuuza kuti bambo awa mutu wawo uli bwinobwino, chimene ali nacho ndi chisoni, ndipo mankhwala amene anawapeza okha akuwatsekera ndi loko. Olive analira njira yonse m'minibasi. Madzulo ake anandipatsa kiyi wa geti ali chogwada.

Lazaro, ukanaona zimene ndinaona m'mawa woyamba nditatuluka. Kuno anthu osasowa kanthu amadzuka m'mawa kukayenda opanda kopita. Galimoto azisiya pakhomo. Mabwana a mimba zawo, azimayi a ulemu wawo, avala nsapato zoyera, akuponya manja kuposa mmene ndinkaponyera ine. Ena akulankhula okha, timawaya tili m'makutu. Palibe amawaloza chala. Ndinaima m'mbali mwa msewu ngati chitsiru, sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire. A Prosper anandionetsa kuti foni yawo imawerenga mapazi amene ayenda pa tsiku. Ndinati kani miyala yawo kuno amasungira m'foni.

Pano ndili m'gulu la achikulire limene limakumana pabwalo la sukulu Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Tilipo khumi ndi anayi. Pali mkulu wina, a Stewart, anali dalaivala wa basi, kwawo ndi ku Mulanje. Amanditcha Afodya. Tikafika pachitunda amakuwa kuti anthu agwire Afodya angakomoke, kwawo ku Kasungu phiri lilipo limodzi lokha ndipo amachita kuliombera m'manja. Ine ndimawayankha kuti iwo anakalambira pampando wa basi, miyendo yawo ili mu Sitandade 1, ikuphunzira kumene ntchito. Timatero mpaka kufika pamwamba. Ndi munthu woyamba kundiseketsa chichokereni kwathu.

Amatitsogolera ndi mayi wina, a Evelyn. Ankasewera mpira wa manja ali mtsikana, pano amaphunzitsa timu ya atsikana pabwalo lomwelo. Ndimatsalira nthawi zina kuonerera. Asanayambe masewero amawakhazika pansi atsikanawo, aliyense anene chimene akuopa tsiku limenelo, kenako apume mpweya pang'onopang'ono onse pamodzi. Amati masewero ambiri anthu amagonja m'chifuwa wezulo asanalire. Tsiku lina anaona milomo yanga ikugwedera, anandifunsa, ndinawauza kuti ndikuwerenga mapazi kuti maganizo asandigwire. Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. Anati osewera ake amawaphunzitsa zomwezo, kuwerenga asanaponye mpira m'golo, kuti phokoso la anthu lisalowe m'mutu. Chinthu chimene kwathu chinandisandutsa mfiti, kuno amachita kuphunzitsa ana.

Koma sabata yatha mayiyu anandiuza mawu amene sanandisangalatse. Anati andiona, ndimayenda ngati munthu amene akuthamangitsa wina, nsagwada zili gwa. Anati kuyenda kundibwezera tulo ndi njala, koma sikungandilankhulire mawu amene ndawasunga. Anafunsa kuti ndikuthamangitsa ndani. Ndinati mng'ono wanga. Anati ndiye ameneyo ali kutali, miyendo siimupeza, ndimulembere. Ndinabwera kunyumba nditakwiya nawo. Lero ndagula pepala.

Usaganize kuti kuno ndakhazikika. Zitunda zikundidya mawondo. Chiperoni chikabwera, kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mano. Madzi amatha kusiya masiku atatu. Nsapato zoyendera zimene anandigulira a Prosper zimandithina chala chachikulu, koma sindinganene, anagula ndi mtima wabwino. Ndipo iwe ukudziwa kuti munthu wamkulu sakhala pakhomo pa mkamwini wake, kumadutsana naye pakhomo la bafa thaulo lili m'khosi. Sanandinyozepo ngakhale kamodzi, koma ine ndimadya ngati mlendo. Ndikufuna kwathu. Seputembala ali pafupi, ndikufuna ndikafese nazale yanga kudambo ndi manja anga. Koma sindingabwerere kumudzi kumene mwana amathawa mtedza wa m'dzanja langa.

Adokotala a kuno anandilembera kalata yofotokoza zonse, ndili nayo. Koma ndikuwadziwa anthu akwathu. Adzati pepala la ku Blantyre munthu amachita kugula. Chimene angakhulupirire ndi pakamwa pa munthu amene amadya naye.

Ukukumbukira uli goloboyi wa timu yathu, tsiku limene tinasewera ndi anyamata a ku esiteti? Anthu anadzaza bwalo mpaka m'mitengo. Iwe unabisala kuseri kwa kalasi ukusanza, ukuti tiike wina pagolo. Ndinakugwira dzanja, tinathamanga awiri kuzungulira sukulu mpaka mpweya wako unakhazikika. Ndinakuuza kuti anthuwo usawayang'ane, sakumenya mpira ndi iwo, uyang'ane mpira basi. Unalowa, unagwira penate. Anakunyamula pamapewa mpaka kumudzi, ndipo sindinauzepo munthu kuti unasanza. Mpaka lero ndi iwe ndi ine tikudziwa. Ndimadziwa kuti gulu la anthu limakuopsa, unabadwa choncho. Pansi pa chigafa paja unayang'ana anthu. Sindinali pafupi kuti ndikugwire dzanja, chifukwa amene ankaweruzidwa ndinali ine.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likudzali kapena linalo, mapemphero a mphakati akatha, anthu asanabalalike, Vincent ndi akazi ake ali pomwepo, uimirire. Unene kuti unali m'chipinda muja. Unene zimene adokotala ananena. Unene kuti za miyala unandiuza ndiwe. Sindikuti undipepese. Sindikuti Vincent andigwadire, iye ananena zimene ankakhulupirira, ndipo munthu amene fodya wamufera amafuna pogwira. Iwe wekha ndi amene unkadziwa. Mawu ake sangakutengere nthawi yoposa yomwera kapu ya madzi. Miyendo ikanjenjemera, inyamule choncho.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Ndavomera. Koma fupa limathyoka, ndipo la nkhalamba sililumikizika lokha ayi, limafuna woligwira.

Ndidikira mpaka pa 1 Seputembala. Ukalankhula, auze a katekisiti amuimbire Olive, ine ndikwera basi sabata yomweyo, ndipo nkhaniyi sindidzaitchulanso kwa iwe mpaka kufa. Ukapanda kulankhula, usavutike kundiyankha. Munda uwagawire ana a mlongo wathu Feliya, nyumba muchite nayo zimene mukufuna. Ndamuuza kale Olive, a Prosper ali pomwepo, kuti zikatero tsiku langa likadzafika asadzavutike kufuna galimoto. Adzandiike konkuno, kumanda a tauni, pakati pa anthu osandidziwa. Olive analira, a Prosper anati zimenezo sizichitika, munthu amakagona kwawo pafupi ndi mkazi wake. Ndinawauza kuti sindingalole kuti anthu amene amati ndinadya Malita adzandinyamule n'kukandigoneka pambali pake akunong'onezana. Ndiye udzafotokoze ndiwe, pamaso pa anthu omwewo, chifukwa chimene mkulu wako sanabwerere kwawo ngakhale m'bokosi. Kulankhula udzalankhula ndithu, Lazaro. Ungosankha tsiku.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Dorica, uwauze kuti mbale zimene ankanditumizira masiku aja sindinaziiwale. Moni kwa mlongo wathu Feliya ndi ana ake onse, kwa azakhali ngati makutu akuwalolabe kumva, ndi kwa zidzukulu zako. Olive ndi a Prosper akupereka moni. Vincent usamupatse moni wanga. Ngati ndibwera, ndidzamupatsa ndekha.

Ndine mkulu wako wa bere limodzi,
Kizito Chunga